Ngongole ya Sukulu ndi Mbewu Yobwereka



Mwezi wathawu pakhomo pathu pano panali msonkhano wa banja. Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga wachiwiri, dzina lake linatuluka pa mndandanda wa ana amene asankhidwa kupita ku sukulu yaukachenjede. Tsiku loyamba kunali nthungululu, tambala anafa, ndipo anansi anabwera kudzamugwira chanza. Pofika tsiku lachitatu nthungululu zija zinali zitazilala, pakuti tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pensulo ndi pepala n'kuyamba kuwerengera fizi, lendi, chakudya, sopo, ulendo ndi kompyuta ya m'manja imene akuti popanda iyo masiku ano sukulu siyenda. Titaphatikiza zonse tinapeza kuti ngakhale titagulitsa mbuzi zonse za m'khola ndi kuonjezerapo penshoni yanga, mwanayo sitingamufikitse kumapeto kwa chaka chachiwiri.

Pamenepo mayi ake anatchula za ngongole ya boma ya ophunzira. Atsibweni ake, amene ndi mwana wanga woyamba, anapukusa mutu. Monga mudziwa, kwa ife Achewa mawu a atsibweni ndi olemera pa nkhani ya mwana wa mlongo wawo. Iwo anati, "Bambo, khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Mwanayu adzatuluke m'sukulu ali ndi chingwe m'khosi, ntchito asanaipeze? Ine ndakana." Mwana uja anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Agogo, ndisaine kapena ndisasaine?" Ndinapempha kuti andipatse masiku, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankho limene ndinamupatsa ndi limene ndifuna kukupatsani nonsenu lero, chifukwa funso lakelo lili m'makomo ambiri.

Ndiyambe ndi mwambo. Makolo athu sankaika ngongole zonse m'dengu limodzi. Panali ngongole imene ankaiopa, yonga imene lero timaitcha katapila, imene mwini wake amakondwa ukalephera kubweza chifukwa maso ake ali pa mbuzi yako. Koma panalinso ngongole ina imene inalibe manyazi, ndiyo ya mbewu. Mayi anga ankasimba za njala ya 1949, kuti m'mudzi mwathu mabanja ambiri anadya ngakhale chimanga chimene anachipachika pa utsi kuti chidzakhale mbewu. Mvula itayandikira, iwo amene anapirira osakhudza mbewu yawo anatsitsa chimangacho n'kugawira anzawo lichero lichero. Panalibe cholemba, koma malamulo ake aliyense ankawadziwa. Mwini mbewu sankabwera kudzalonjerera mu February, chimanga chikadali ngaiyaye, ana akugona ndi njala. Ankadikira masika. Munda ukakanika chifukwa cha ng'amba, ngongole inkagonera chaka china popanda mlandu. Koma munthu amene wakolola, nkhokwe yake yadzaza, n'kumadutsa pakhomo pa mwini mbewu atayang'ana kumbali, ameneyo mudzi wonse unkamuloza chala, ndipo chaka cha mavuto chikabweranso ankagogoda makomo otseka. Wobweza bwino ankadzaza lichero n'kuikapo kamulu pamwamba, kuti mwini mbewu akhale ndi yobwereketsa wina. Ndilo tanthauzo la mwambi uja wakuti kupatsa n'kuika.

Maganizo anga ndi akuti ngongole ya sukulu ndi ya mtundu wachiwiriwu. Ndi mbewu. Iyenera kubwezedwa ndithu, ndipo iyenera kulonjereredwa pa nthawi ya masika, molingana ndi zimene munthu wakolola. Mavuto amene tili nawo lero abwera chifukwa mbali zonse ziwiri, wobwereka ndi wobwereketsa, zikuiwala gawo lake la mwambowu.

Kuti mumvetse bwino, tiyeni tione kumene tachokera. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba analowa m'kalasi mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973. Masiku amenewo wophunzira sankatulutsa kanthu m'thumba. Pogona, chakudya ndi kandalama kogulira sopo zinkachokera ku boma. Zinkatheka chifukwa ophunzirawo anali owerengeka ngati zala. Mu 1985 boma linayamba kupempha kuti ophunzira azisonkhako kangachepe, ndipo ngongole za ophunzira zinayambira pomwepo. Mu 1994 maphunziro a ku pulayimale anakhala aulere, ndipo ine amene ndinali m'kalasi nthawi imeneyo ndinaona ana akusefukira mpaka pansi pa mitengo. Ana amenewo anakula, nafuna sekondale, nafunanso ukachenjede. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya sayansi ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Zonsezi ndi zabwino, ndipo tinazilira tokha. Koma walira mvula walira matope. Pamene odya achuluka, mphika umene unkakhutitsa anthu ochepa sungakwanenso.

Fizi inayamba kukwera. Mu 2001 inali K25,000 pa chaka. Mu 2016 akuluakulu a Yunivesite ya Malawi analengeza kuti wophunzira wa ku Chancellor College azilipira K400,000, ophunzira anakwiya nalowa m'misewu, mpaka pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti achotseko K50,000. Mu 2023 fizi ya m'mayunivesite ambiri a boma inafika K650,000. Mukayerekeza ya 2001 ndi ya 2023, muona kuti yachulukitsidwa ka 26.

Apa mundilole ndibwerere ku bolodi pang'ono, chifukwa pali samu imene ambiri saichita. Mu 2001 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ndalama pafupifupi K70, choncho K25,000 inali madola cha m'ma 350. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, dola inafika pa K1,700, ndipo K650,000 inakhala madola cha m'ma 380. Mukuona? Poyeza ndi ndalama yakunja, fizi sinasunthe kwenikweni. Chimene chinachitika n'chakuti kwacha inafooka. Aphunzitsi a ku yunivesite akamati ndalama imene ophunzira amalipira sikwana kugula mabuku, mankhwala a mu labotale ndi kulipira magetsi, sakunama. Koma mlimi wa ku Mchinji sagulitsa mtedza wake m'madola, ndipo penshoni yanga sibwera m'madola. Onse awiri akunena zoona, ndipo mwana ali pakati.

Palinso mtengo wina umene suoneka pa chikalata cha fizi, umene kwa ine ndiwo waukulu. Wophunzira wakale ankalowa m'chipinda chodyera katatu pa tsiku osafunsa kuti ufa wagulidwa ndi yani. Wa lero amadzipezera yekha chakudya, ndipo ambiri amadzipezeranso pogona. Pitani ku Chikanda ku Zomba mukaone ana athu akupanikizana m'tizipinda ta lendi, akuphika pa mbaula, ena akulowa m'kalasi atangomwa madzi. Mwana angathe kulipiridwa fizi yonse n'kubwerera kumudzi chifukwa cha njala. Choncho tikamakamba za kukwera kwa mtengo wa maphunziro, tisamangoyang'ana nambala ya fizi yokha.

Pofuna kuthandiza ana osowa, nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 2015 bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ntchito yake ndi iwiri: kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'sukulu zaukachenjede zovomerezeka, za boma ndi zomwe si za boma, komanso kutolera ngongole zakale kuyambira za mu 1985. Wobwereka amapatsidwa zaka ziwiri atatsiriza maphunziro asanayambe kubweza, ndipo lamulo limafuna kuti olemba anthu ntchito azidula ngongoleyo ku malipiro. Chaka ndi chaka opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo, ndipo ena amabwerera chimanjamanja. Chifukwa chimodzi cha kuperewerako ndi chakuti ambiri amene anabwereka kale sanabweze.

Pa zaka zanga za uphunzitsi ndinaphunzitsa anyamata awiri amene sindiwaiwala. Maina awo ndisunga. Woyamba anapita ku yunivesite zaka zambiri zapitazo, ndipo lero ndi bwana, ali ndi nyumba ya mpanda ndi galimoto ziwiri. Tsiku lina ananditenga pa msewu, ndipo tili m'njira ndinamufunsa ngati anabweza ngongole yake ya sukulu. Anaseka nati, "Aphunzitsi, zimenezo ndani amabweza? Za boma zilibe mwini." Wachiwiri ndinamuphunzitsa chakumapeto kwa ntchito yanga, mwana wamasiye wa mutu wakuthwa pa masamu kuposa onse amene ndinawaona. Anasankhidwa, anapempha ngongole, dzina lake silinatuluke. Anayesa chaka chimodzi ndi ndalama za maganyu, kenaka anabwerera. Lero amapalasa kabaza pa msika wathu, ndipo akandiona amatsika panjinga n'kuvula chipewa. Ine ndimalephera kumuyang'ana m'maso. Sindikunena kuti ndalama ya woyambayo ikanapita m'manja mwa wachiwiriyu mwachindunji, koma nkhokwe ndi imodzi. Za boma zili ndi mwini, ndipo mwini wake ndi mnyamata wa kabazayo.

Kwa inu amene munabwereka ndipo mwakolola, mawu anga ndi olimba. Mlandu suwola. Mwadya mbewu ya m'mudzi. Ndipo dziwani kuti kuchedwa kwanu nakonso ndi kudya, chifukwa amene anabwereka K25,000 mu 2001 akabweza K25,000 yomweyo lero, wabwereka dengu n'kubweza chikho. Munthu waulemu sadikira kuti dzina lake liopsezedwe kutuluka m'nyuzipepala. Amapita yekha, amafunsa kuti zatsala zingati, amabweza, ndipo ngati dzanja lake latambasuka amaikapo kamulu pamwamba polipirira mwana wina wa kwawo.

Koma mwana wanga uja, atsibweni a mtsikanayu, sanalankhule zopanda mutu, ndipo ndiyenera kumuyankha mwachilungamo. Mantha ake ndi akuti munda ungakanike. Tonse tikuwadziwa anyamata ndi atsikana amene anavala mkanjo, tinawajambula zithunzi, ndipo zaka zinayi zadutsa akuyendabe ndi envulopu ya makalata m'maofesi. Zaka ziwiri zopumira zija zimatha munthu asanalandire malipiro ngakhale a mwezi umodzi. Kulonjerera munthu wotere ndiko kubwera mu February kudzafuna mbewu chimanga chisanakhwime. Makolo athu akanati mwini mbewu wotere alibe umunthu.

Mbiri yathu ili ndi chenjezo pa nkhaniyi. Mawu akuti thangata poyamba anali okoma, ankatanthauza kuthandizana ntchito pakati pa anansi. M'masiku a atsamunda eni minda ikuluikulu ya ku chigawo cha kummwera anawatenga mawu omwewo n'kuwasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo nkhanza zake zinali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Chithandizo chikhoza kusanduka goli dzina lake lisanasinthe. Taonani ku America, kumene ngongole za ophunzira zinapitirira madola 1.6 thililiyoni, ndipo anthu ena amafika pa ukalamba akubwezabe za sukulu. Pulezidenti Joe Biden atafuna kukhululukira gawo la ngongolezo, khoti lalikulu la dzikolo linakana mu 2023. Dziko lolemera chotere likapunthwa pa mwala umenewu, ife tiyende ndi maso.

Ena amati njira ndi kuthetseratu fizi, monga anafuulira ophunzira a ku South Africa mu 2015, mpaka mu 2017 pulezidenti Jacob Zuma analengeza maphunziro aulere kwa ana a mabanja osauka. Mtima wanga umawamvetsa, koma pa dziko lathu lino mutu wanga umakayika. Palibe chaulere pansi pano. Chimene sunalipire iwe walipira wina. Mayi wogulitsa tomato amakhoma msonkho nthawi iliyonse akagula sopo kapena mayunitsi a foni, chonsecho mwana wake mwina sadzaponda pa khomo la yunivesite. Pa zaka zanga zonse ndinaona kuti ana amene amafika kumeneko ambiri ndi a m'mabanja okhoza, amene anaphunzira m'sukulu zokhala ndi mabuku ndi magetsi. Kunena kuti onse aphunzire ulere ndiko kuuza mayi wa tomato kuti alipirire mwana wa bwana. Chilungamo n'chakuti wokhoza alipire, wosowa abwerekedwe, ndipo wosowetsetsa, monga mwana wamasiye uja, apatsidwe osayembekeza kubweza.

Nanga wobwereketsa achite chiyani kuti akhale mwini mbewu, asakhale wakatapila? Choyamba, alonjerere potsata zokolola, osati potsata kalendala. Nzeru imeneyi si yachilendo. Dziko la Australia linayamba mu 1989 kudula ngongole ya sukulu pokhapokha malipiro a munthu akafika pa mlingo woikika. Ku England, kumene adzukulu ena a kuno akuphunzira, wobwereka amabweza 9 peresenti ya ndalama zimene walandira pamwamba pa mlingo wotere, ndipo zotsala zimafafanizidwa pakapita zaka zambiri. Kumeneko nakonso madandaulo alipo, pakuti fizi inachoka pa mapaundi 1,000 mu 1998 kufika 9,000 mu 2012, koma mfundo yoti wosakolola asalonjereredwe ndi yomwe ija ya mayi anga. Chachiwiri, ngongole ikwane. Kupatsa mwana ya fizi n'kumusiya ndi njala kuli ngati kubwereketsa munthu mbewu yokwana theka la mzere. Adzalephera, ndipo ngongole idzatsala pamutu pake wopanda digiri. Chachitatu, posankha olandira pakhale poyera, kuti mwana wa kumudzi wopanda womulankhulira asapambanidwe ndi mwana wa munthu wodziwika. Chachinayi, potolera ayambire kwa a nkhokwe zodzaza, kuphatikizapo akuluakulu a m'maofesi a boma momwemo, asanathamangitse mnyamata amene akugulitsa mayunitsi pa msewu.

Tsopano ndidziloze chala ndekha, pakuti mphunzitsi wolanga ana okhaokha osadziyang'ana sakhala wachilungamo. Ine ndinaphunzira uphunzitsi osalipira ngakhale tambala imodzi. Ndinadya nyemba za boma, ndinagona pa bedi la boma, ndipo mwezi ukatha ankatipatsa kandalama. Palibe pepala limene ndinasaina, choncho palibe bungwe limene lidzandilembere kalata. Koma ndalama imene inandiphunzitsa inachokera ku msonkho wa anthu amene ankalima fodya ndi thonje, ndi wa amuna amene ankatsika m'migodi ya ku Joni, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lawo. Mbadwo wathu ndiwo uli ndi ngongole yaikulu kuposa yonse, ndipo sitiyenera kukhala pa khonde n'kumanena kuti ana a masiku ano ndi odandaula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ngati aliyense wa ife amene tinaphunzira ulere atanyamula mwana mmodzi wa m'mudzi mwake, ngakhale pa lendi pokha kapena thumba la ufa pa teremu, ana ambiri obwerera akanatsiriza. Magulu a banki m'khonde ndi mabungwe a ophunzira akale a sukulu zathu akhoza kuchita zomwezo. Mutu umodzi susenza denga.

Titakumananso pansi pa mango paja, ndinauza mdzukulu wanga kuti asaine. Koma ndinamupatsa malangizo, ndipo ndikupatsani inunso amene muli pa mphambano yomweyi. Werenga pepala lonse usanaikepo dzina, ufunse kuti chiwongoladzanja chake n'chotani ndipo kubweza kudzayamba liti, pakuti safunsa anadya phula. Bwereka zokhazo zimene sukulu ikufuna. Ndalama ya mbewu sagulira foni yapamwamba kapena nsapato zopikisana ndi anzako. Sunga kope, ulembemo tambala iliyonse imene walandira, ndipo makalata onse uwaike pamalo pouma. Za akatapila a pa msika ndi ngongole za pafoni usazikhudze, ngakhale njala itakuluma. Ukapanikizika uimbe kunyumba, chifukwa mbewa ya manyazi inafera kuuna. Limbikira kuti utsirize, popeza ngongole yowawa koposa ndi ya munthu amene sanafike kumapeto. Ndipo tsiku limene udzalandire malipiro ako oyamba, usanagule sofa, upite wekha ukayambe kubweza.

Atsibweni ake anakhala kanthawi ali chete, kenaka anati, "Bambo, ndamva. Fizi abwereke, koma lendi ndi ufa zikhale pa ine, kuti chingwecho chifupike." Mayi ake analonjeza nyemba ndi mtedza teremu iliyonse, ndipo ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti tipeze kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito. Mwanayo wanyamuka sabata yatha ndi chikwama chake ndi mbaula. Ngati munda wake udzabereke sindidziwa, pakuti mvula ilibe mwini. Chimene ndinamupempha ndi chimodzi, kuti akadzakolola adzakumbukire kuti pali mwana wina, amene lero ali mu Sitandade 5 pansi pa mtengo, amene akudikira lichero lomwelo.

Tsalani bwino, adzukulu anga. Nkhaniyi mukakambirane ndi makolo anu, ndipo amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa mundiuze, chifukwa nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Ndine gogo wanu.